Ulendo wa Banja pa Kalavani M'mbali mwa Gombe Louma la Kummwera kwa Australia

Pulogalamu ya lero ikufotokoza za ulendo umene mabanja ambiri a ku Australia amayenda atakoka kalavani kumbuyo kwa galimoto, kudutsa m'mbali mwa gombe lakummwera kwa dzikolo, kumene nyanja yamchere inalowa m'kati mwa mtunda n'kupanga chigawo chachikulu chotchedwa Great Australian Bight. Kalavani ndi ngolo yogonamo imene ilibe injini yakeyake, ndipo m'kati mwake mumakhala mabedi, mbaula ya gasi, filiji, matanki a madzi, ndipo nthawi zina bafa ndi chimbudzi, moti banja limatha kugona ndi kuphika paliponse pamene laima. Mfundo imene pulogalamuyi itsindike ndi yakuti ulendowu umalamulidwa ndi madzi, chifukwa banja limene lalowa m'dera limeneli limakhala ndi moyo malinga ndi madzi amene lanyamula, pomwe madzi omwewo ndi katundu wolemera amene amasintha kayendedwe ka galimoto. Choyamba pulogalamuyi ifotokoza za dera lenilenilo, kenako za kakonzedwe ka kalavani, ndipo pambuyo pake itsata msewu kuchokera kummawa kupita kumadzulo.

Msewu umene ukukambidwa pano umatchedwa Eyre Highway, ndipo gawo lake lovuta kwambiri limayambira m'tauni ya Ceduna, m'chigawo cha South Australia, n'kukathera m'tauni ya Norseman, m'chigawo cha Western Australia. Pakati pa matauni awiriwa pali mtunda wa makilomita pafupifupi 1,200, womwe ukufanana ndi ulendo wa pamsewu wochokera ku Chitipa kukafika ku Nsanje, koma kusiyana kwake n'kwakuti pa mtunda wonsewu palibe tauni yaikulu, palibe mtsinje woyenda chaka chonse, ndiponso palibe msika. Chimene chilipo ndi malo amene eni dziko amawatchula kuti roadhouse, kutanthauza malo omwetsera mafuta amene ali ndi chipinda chodyera, zipinda zogona zochepa ndi bwalo loimikapo makalavani. Malo oterewa ndi otalikirana, moti pena galimoto imayenda makilomita pafupifupi 200 isanafike pa ena.

Chifukwa chimene derali lilibe mitsinje chili pansi pa nthaka. Chigwa cha Nullarbor, chimene msewu umadutsa m'mphepete mwake, ndi thanthwe limodzi lalikulu la miyala ya laimu, imene inapangika kalekale pamene dera lonseli linali pansi pa nyanja ndipo zigoba za tizilombo ta m'madzi zinaunjikana n'kuuma. Mwala wa laimu umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi a mvula, choncho m'kati mwake muli ming'alu ndi mapanga ambirimbiri, ndipo mvula yochepa imene imagwa siyenderera pamwamba kuti ipange khwawa, imangolowa pansi n'kuzimirira. Madzi amene amapezeka akakumba mjigo amakhala amchere m'malo ambiri, ndipo ndi chifukwa chake malo ena omwetsera mafuta amachita kusefa mchere ndi makina kapena kubweretsa madzi pa galimoto kuchokera kutali. Banja loyenda ulendowu silingayembekezere kuti likadzaza matanki a kalavani m'njira monga mmene limachitira m'tauni, ndipo limadzaza ku Ceduna kapena ku Norseman lisananyamuke.

Apa m'pamene kakonzedwe ka kalavani kamakhala nkhani ya moyo ndi imfa. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo banja la makolo ndi ana atatu limene likufuna madzi akumwa, ophikira, otsukira mbale ndi osamba kwa masiku angapo limawonjezera katundu wolemera kwambiri pa ngolo imene ili kale ndi zakudya, mabotolo a gasi, mabatire, zovala, njinga za ana ndi tayala lapadera. Kalavani iliyonse ili ndi malire a kulemera amene wopanga analemba pa kachitsulo komatidwa pa ngoloyo, ndipo galimoto yokoka nayonso ili ndi malire ake, moti kupyola malirewo n'kuphwanya lamulo komanso kuika banja pangozi. Anthu ozolowera maulendowa amapita pa sikelo ya magalimoto atapakira zonse, chifukwa maso sangathe kuyeza katundu amene wamwazikana m'makabati ambiri.

Kuwonjezera pa kuchuluka kwa katundu, malo amene waikidwa ndi ofunikanso. Katundu wolemera amaikidwa pansi ndiponso pamwamba pa matayala a kalavani, ndipo mbali ina ya kulemera konse, imene kawirikawiri amati ikhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, iyenera kutsamira pa cholumikizira chimene chimagwirizanitsa ngolo ndi galimoto. Katundu akachuluka kumbuyo kwa kalavani, cholumikiziracho chimapepuka, ndipo ngoloyo imayamba kugwedezeka uku ndi uku ikathamanga, kugwedezeka kumene kumakula kokha mpaka galimoto itazungulira kapena kugubuduzika. Mphepo yowomba cham'mbali, imene pa gombe limeneli ilibe mtengo kapena phiri loitchinga, imayambitsanso vuto lomweli. Malangizo amene amaperekedwa kwa oyendetsa ndi akuti kugwedezeka kukayamba asaponde mabuleki a galimoto mwadzidzidzi ndiponso asalimbane ndi chiwongolero, koma achotse phazi pa moto pang'onopang'ono, agwire chiwongolero mowongoka, ndipo ngati n'kotheka amange mabuleki a kalavani yokha pogwiritsa ntchito kachida kamene kamakhala pafupi ndi dalaivala. Lamulo limaletsa munthu aliyense kukhala m'kalavani pamene ikukokedwa, choncho ana amakhala m'galimoto atamanga malamba ngakhale kuti mabedi awo ali kumbuyo komweko, ndipo ku Western Australia galimoto yokoka ngolo siloledwa kupitirira liwiro la makilomita 100 pa ola.

Omvera angaone kuti mfundo ija yabweranso, yakuti madzi amene amasunga moyo wa banja ndi omwewo amene amalemetsa ngolo. Kulemerako kumadyanso mafuta, makamaka pamene mphepo ikuwomba kuchokera kutsogolo n'kumakankha khoma lalitali la kalavani, ndipo n'chifukwa chake oyendetsa anzeru amamwetsa galimoto pa malo alionse amene afika ngakhale thanki isanafike pakati, posayang'ana kuti mafuta a kumeneko ndi okwera mtengo kuposa a m'tauni. Gawo lotsatira la pulogalamuyi likutsata msewu weniweniwo, kuyambira ku Ceduna.

Galimoto ikachoka ku Ceduna imadutsa minda ya tirigu mpaka kukafika pa kamudzi ka Penong, kenako minda imachepa n'kutha, ndipo msewu umalowa m'dera la Yalata, limene eni ake ndi Aaborijini, anthu amene anali m'dzikolo zaka masauzande ambiri Azungu asanafike. Mbiri ya Yalata ndi yowawa, ndipo banja limene likudutsa likuyenera kuidziwa. Anthu ambiri a kumeneko ndi a mtundu wa Anangu, ochokera kuchipululu cha kumpoto, amene anasamutsidwira kumeneko m'zaka za m'ma 1950, pa nthawi imene dziko lawo linatsekedwa kuti boma la Britain liyeserepo mabomba a nyukiliya ku Maralinga, kumene mabomba akuluakulu anaphulitsidwa mu 1956 ndi 1957. Gombe lenilenilo ndi dziko la makolo la anthu a mtundu wa Mirning, amene m'chikhulupiriro chawo namgumi ali ndi malo aakulu. Alendo ambiri amalitchula derali kuti ndi lopanda kanthu chifukwa saona nyumba kapena munda, koma mawu amenewo ndi olakwika ndiponso opweteka, popeza malo alionse opezekapo madzi, phanga lililonse ndi mulu uliwonse wa mchenga zinali ndi dzina ndi eni ake kalekale msewu usanalambulidwe.

M'dera lomweli muli malo otchedwa Head of Bight, amene ndi nsonga ya kumpoto kwenikweni kwa chigawo chija cha nyanja cha Great Australian Bight, ndipo ndi amene amachititsa mabanja ambiri kusankha miyezi yozizira. Kuyambira cha mu June mpaka mu October anamgumi a mtundu wa southern right whale amabwera kuchokera ku nyanja zozizira za kummwera kudzaberekera m'madzi a pafupi ndi gombe. Namgumi si nsomba ngakhale amakhala m'madzi, chifukwa amapuma mpweya, amabereka mwana wamoyo ndipo amamuyamwitsa. Mtundu umenewu umadziwika chifukwa ulibe chipsepse pamsana, ndipo pamutu pake pali zigamba zoyera zokhakhala zimene zimasiyana pa namgumi aliyense, moti akatswiri amazijambula kuti azindikire namgumi amene wabwereranso patapita zaka. Mayi amakhala miyezi ingapo pa malowa akuyamwitsa mwana pamene iye sakudya kwenikweni, akudalira mafuta amene anasunga m'thupi ali kummwera. Anamgumiwa anaphedwa kwambiri m'zaka za m'ma 1800 chifukwa cha mafuta awo mpaka anatsala pang'ono kutha, ndipo akuchulukanso pang'onopang'ono chiyambire kutetezedwa m'zaka za m'ma 1930. Omvera amene ali ku South Africa angakhale atauonapo mtundu womwewu pa gombe la Hermanus m'miyezi yomweyi. Ku Head of Bight anamanga kanjira ka matabwa pamwamba pa phedi, ndipo mwana amene waima pamenepo amatha kuona namgumi ndi mwana wake m'munsi mwake popanda kukwera bwato, n'kumva ngakhale phokoso la mpweya umene akutulutsa.

Kuchokera pamenepo kupita kumadzulo kumayamba maphedi otchedwa Bunda Cliffs, pamene thanthwe lija la laimu limathera mwadzidzidzi n'kugwera m'nyanja. Maphediwa ndi aatali mamita opitirira 60 m'malo ambiri, ndipo amapitirira mtunda wa makilomita pafupifupi 200 popanda doko kapena njira yotsikira kumadzi. Msewu umayenda pafupi nawo, ndipo pali malo angapo okonzedwa kumene kalavani ingapatuke kuti anthu aone nyanja. Ngozi ya malowa ndi yobisika, chifukwa mafunde amadya phedi chapansi, moti nthaka ya m'mphepete imene ikuoneka yolimba imatha kukhala yolendewera popanda chochirikiza. Kholo limagwira dzanja la mwana wamng'ono nthawi yonse, ndipo kalavani imaimikidwa kutali ndi m'mphepete ngakhale malo a pafupi ataoneka okongola kugonapo, popeza mphepo ya usiku pa maphediwa imakhala yamphamvu kwambiri.

Munthu amene dzina lake linaperekedwa ku msewuwu, Edward John Eyre, anadutsa gombe lomweli mu 1841 ndi mahatchi, ndipo nkhani yake ikuonetsa bwino mphamvu ya madzi m'derali. Iye ananyamuka ku Fowlers Bay ndi mnzake John Baxter ndi anyamata atatu Achiaborijini, ndipo pamwamba pa maphedi ankayenda masiku angapo osapeza dontho ngakhale nyanja inali pafupi. Madzi ankawapeza pokumba m'munsi mwa milu ya mchenga, pa malo amene eni dziko ankawadziwa ndipo anamulozera, ndipo nthawi ina anachita kusonkhanitsa mame a m'mawa pa udzu ndi pa zitsamba. Baxter anaphedwa m'njira ndipo awiri mwa anyamata aja anachoka, koma Eyre ndi mnyamata wotchedwa Wylie anapitiriza, n'kuthandizidwa ndi sitima ya ku France yosaka anamgumi imene anaipeza pa gombe, mpaka anakafika ku tauni ya Albany mu July chaka chomwecho. Mabuku akale ankatamanda Eyre yekha, koma chilungamo chimafuna kuti Wylie ndi anthu amene analoza malo a madzi azitchulidwa limodzi naye, chifukwa popanda iwo ulendowo ukanathera pa maphedi. Msewu wa magalimoto unalambulidwa patapita zaka 100, pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo phula linamalizidwa kuthiridwa mu 1976.

Pa malire a zigawo ziwiri zija, pa malo otchedwa Border Village, pali chipikisheni chimene chimadzidzimutsa mabanja amene sanakonzeke. Akuluakulu a zaulimi amaimitsa galimoto iliyonse yolowa ku Western Australia, n'kutsegula filiji ndi makabati a kalavani, ndipo zipatso ndi ndiwo zamasamba zosaphika, uchi ndi mbewu zimalandidwa pofuna kuteteza minda ya chigawocho ku ntchentche zowononga zipatso ndi ku matenda a mbewu ndi a njuchi. Amene akupita kummawa amakumana ndi chipikisheni chofanana nacho ku Ceduna. Zotsatira zake n'zakuti mayi kapena bambo amene akukonza chakudya amayenera kuwerengera kuti zipatso ndi masamba zithe kapena ziphikidwe banja lisanafike pa malire, ndipo kuchokera pamenepo mpaka ku Norseman limadalira zakudya za m'zitini, mpunga ndi zina zouma, zomwenso zimafuna madzi pophika.

Pafupi ndi malirewo pali Eucla, kamudzi kamene kanali kofunika kwambiri pa nthawi ya telegalafu, njira yakale yotumizira mauthenga pa waya. Siteshoni yake inatsegulidwa mu 1877, ndipo inali malo olumikizira mauthenga a pakati pa kumadzulo ndi kummawa kwa Australia. M'zaka za m'ma 1890 akalulu, amene Azungu anabwera nawo m'dzikolo n'kuswana mosaletseka, anafika m'derali n'kudya zomera zimene zinkagwira milu ya mchenga, ndipo mchengawo unayamba kuyenda ndi mphepo mpaka unakwirira nyumba. Lero makoma a siteshoniyo amaoneka pang'ono pamwamba pa mchenga woyera, ndipo kwa ana ndi phunziro looneka ndi maso la mmene nyama imodzi yobwera ingasinthire dera lonse. Madera a kuzungulira Eucla amasunganso nthawi yawoyawo, imene ili patsogolo pa nthawi ya mu mzinda wa Perth ndi mphindi 45, choncho banja limayenera kufunsa nthawi ya pamalopo kuti lisapeze chipinda chodyera chitatsekedwa.

Kupitirira Eucla msewu umatsikira m'chigwa cha m'mbali mwa nyanja, n'kukweranso pa Madura, ndipo kuchokera pamenepo nyanja sionekanso. Apa mdani wamkulu ndi kutopa. Pakati pa malo omwetsera mafuta a Caiguna ndi Balladonia pali gawo la msewu lowongoka makilomita pafupifupi 146 popanda kukhota ngakhale pang'ono, ndipo dalaivala amene maso ake akhala pa mzere umodzi kwa nthawi yaitali amatha kusinza asakudziwa. Malangizo a m'dzikolo ndi akuti woyendetsa azipuma pakatha maola awiri alionse, ndipo m'banja mmene bambo ndi mayi onse amadziwa kukoka kalavani ulendo umakhala wotetezeka kwambiri, chifukwa amasinthana komanso wina akadwala mnzake amatha kupitiriza. Kuyenda kumaleka dzuwa lisanalowe, popeza madzulo ndi mbandakucha nyama monga kangaroo, wombat, mbalame yaikulu ya emu ndi ngamila zam'tchire zimayandikira msewu, ndipo galimoto imene yakoka ngolo yolemera singaime msanga kapena kuzemba.

Msewuwu ndi njira yaikulu imene katundu amadzera pakati pa kummawa ndi kumadzulo kwa dzikolo, choncho kalavani imayenda limodzi ndi malole aatali okoka ngolo ziwiri kapena zitatu, amene amatchedwa road train. Lole yotereyi ikamadutsa imakankha mpweya umene umagwedeza kalavani, ndipo woyendetsa amayenera kukhala mu mzere wake ndi liwiro losasintha mpaka loleyo itatulukira m'mbali, kenako n'kuchepetsa pang'ono kuti idutse msanga. Ambiri amaika wailesi yolankhulirana ya UHF m'galimoto, ndipo pa tchanelo 40 amatha kuuzana ndi dalaivala wa lole nthawi yabwino yopitirirana. Wailesiyi ndi yofunikanso chifukwa netiweki ya foni imasowa m'madera ambiri a msewuwu. Pa ngozi yaikulu thandizo limabwera pa ndege za bungwe la Royal Flying Doctor Service, limene m'busa John Flynn analiyambitsa mu 1928, ndipo pa malo ena msewu weniweniwo unakonzedwa ndi kulembedwa mizere kuti ndege ithe kuterapo. Ngakhale zili choncho, ndege imatenga nthawi kuti ifike, ndipo banja limene lili ndi mwana wodwala mphumu kapena wamkulu amene amamwa mankhwala tsiku lililonse limanyamula mankhwala opitirira masiku a ulendo.

Kufunika konyamula zopitirira kunaoneka bwino kumapeto kwa December 2019 ndi kumayambiriro kwa January 2020, pamene moto wolusa wa m'tchire unachititsa kuti msewuwu utsekedwe cha kufupi ndi Norseman kwa masiku opitirira 10. Anthu ambiri, kuphatikizapo mabanja a pa makalavani ndi madalaivala a malole, anatsekerezedwa pa malo omwetsera mafuta monga Caiguna m'nyengo yotentha, imene kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo zinthu zina zofunika zinachita kubweretsedwa pa ndege. Palibe msewu wina wa phula wapafupi umene akanadzera, ndipo amene anali ndi madzi ndi chakudya chapadera m'kalavani ndi amene anapirira mosavutika kwambiri.

Omvera angaganizire funso ili pamene ali kunyumba: ngati banja lanu litauzidwa kuti madzi onse akumwa, ophikira ndi osamba a masiku asanu alowe m'matanki a ngolo imodzi, ndipo lita iliyonse yowonjezera ikutanthauza kusiya katundu wina, kodi mungasiye chiyani, ndipo mwana angaphunzitsidwe bwanji kutsuka mbale ndi madzi a m'kapu imodzi? Mabanja a pa msewu wa Eyre amayankha funso limeneli asananyamuke, ena posiya njinga ndi mipando, ena pochepetsa masiku ogona kutchire kuti azisamba pa malo omwetsera mafuta, kumene m'malo ena madzi a m'bafa amatuluka kwa mphindi zochepa munthu akaponya ndalama yachitsulo m'makina. Akafika ku Norseman amapeza madzi a m'mipope ochokera kutali kwambiri kumadzulo, kudzera m'paipi imene inamangidwa kuti ifikitse madzi ku migodi ya golide ya ku Kalgoorlie, ndipo kuchokera pamenepo msewu umagawikana, wina kulowera kumpoto ku Kalgoorlie, wina kummwera ku Esperance, kumene kalavani imakumananso ndi nyanja.